Kamsilikali ka Nyambo

Kuseri kwa galasi la m'shopu yake, wometa tsitsi wina ankabisako bolodi la tchesi. Makasitomala akatha, ankaliyala pabenchi n'kumasewera ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

Munthuyu ankasewera bwino, koma dyera! Masewero akangoyamba, mnzake n'kumusiyira kamsilikali poyera, iye ankathamangitsa mfumukazi kukakadya.

"Alamu, imeneyo ndi nyambo," mlamuyo ankatero, uku akuitsekera njira mfumukaziyo.

"Ndibwezereni, dzanja linatsogola."

"Mwagwira, yendetsani. Ku mpikisano kulibe chilamu."

Tsiku lina wometayo zinamukwana. Anagubuduza bolodi n'kumuuza mlamuyo kuti asadzapondenso pashopupo. Mkazi wake naye anaikapo ake: "Mukalephera kulowa timu ya tauni ulendo uno, bolodi lichoke. Ana sadya tchesi."

Ku mpikisano, masewero oyamba, anakadya kamsilikali kaja. Mfumukazi inapita, anthu akuona, ndipo anagonja. Anakwawa n'kupambana otsatira, mpaka anafika pa omaliza: kupambana n'kulowa timu, kugonja n'kutsanzikana ndi bolodi.

Anakumana ndi mayi wina wamagalasi, amene mbiri ya dyerali anali ataimva kale. Asanakhazikike n'komwe, mayiyo anakankha kamsilikali n'kukasiya kokhakokha, konona. Dzanja la wometa linanyamuka lokha. Zala zili pafupi kukhudza mfumukazi, anamva mawu aja ngati mlamu waima kumbuyo kwake: mwagwira, yendetsani.

Anabweza dzanja n'kulikhalira. Atayang'anitsitsa, anauona msampha: akanadya, hatchi ya mayiyo ikanaopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi. Anatulutsa hatchi yake, n'kubisa mfumu pakona. Nyambo itakanidwa, mayiyo anatsala ndi mpata pakati, ndipo wometa analowera pomwepo, pang'onopang'ono, mpaka mayiyo anatambasula dzanja kuvomera kugonja.

Potuluka anapeza mlamu wake atatsamira khoma, tsitsi lili nyankhalala, poti chikanganirane sanametetse kwina.

"Alamu, ndinakulakwirani. Lero mwandipulumutsa ndinu. Zikomo kwambiri." Anatero wometa uja.

"Zikomoyo ndamva. Nanga mutuwu muusiya chonchi?"

Madzulo omwewo anamukhazika pampando n'kumumeta mofatsa ngati mkwati, bolodi lili poyera pabenchi, mkazi wake akuseka pakhomo. Makina atafika pakhutu la mlamuyo, wometa analigwira mosamala. Zoonadi, wakutsina khutu ndi mnansi.