Nyumba Imene Inachedwa Kukwera Lole

Chilungamo Nkhwazi anali munthu woti akangomva fungo la ndiwo, kwa iye ndiye kuti wadya kale. Iye ndi mkazi wake Constance ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ndipo ankachita lendi pamwamba pa sitolo ya a Nazir, mmwenye wobadwira ku Limbe amene Chichewa sichinamuchoke pakamwa. Kanyumbako kanali kofunda, kosadontha, koma kopanda pobzala ngakhale tsabola. Zimenezi zinkamudya moyo Chilungamo, mwana wa mlimi wa ku Dedza. Constance analibe nako mlandu. Akaweruka ankayamba wadzera kuseri kwa sitolo kukaona mayi Khatija, mayi awo a Nazir, amene shuga anawatupitsa miyendo.

Mu Julaye, dzuwa likuswa mtengo, Chilungamo anapeza kamunda kogulitsa kufupi ndi Loughborough, m'mbali mwa mtsinje wa Soar. Anatapa dothi lake lakuda bii, n'kulinunkhiza, mtima unagwa pomwepo. Anapezanso kampani yopanga nyumba zathunthu m'fakitale, zimene amazinyamula pa lole n'kudzazikhazika pamalo pako. Anapereka chikole cha munda, napempha ngongole ya munda ndi nyumba yomwe. Obwereketsa ndalama anati ayamba atumiza munthu wawo akaone malowo ndi kuwaika mtengo. Mawu akuti "ayamba" analowera khutu ili n'kutulukira linali.

Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi kupereka umboni. "Abale, Mulungu watipatsa nyumba ndi munda. Chaka chamawa mudzakazinga chimanga cha pakhomo panga." Amayi anaimba nthungululu. M'mawa mwake anatsika kukauza a Nazir kuti atuluka kumapeto kwa Novembala, ndipo sabata isanathe anagulitsa masofa, poti nyumba yatsopano imabwera ndi mipando yake.

"Bambo a Thandi, loni sinatuluke, inu mwapereka kale notisi?" anafunsa Constance. "Kuno si kwathu koti ukagula malo lero, mawa wayamba kuumba njerwa."

"Vuto lanu mayi a Thandi ndi chikhulupiriro chochepa. Umboni ndapereka kale."

Constance anayala chitenje pansi kuti banja lidye.

Woika mtengo woyamba anaimba foni kunena kuti iye amadziwa za nyumba za njerwa zokha. Wachiwiri anasuntha tsiku, kenaka anadwala, atachira anapita kutchuthi. Obwereketsa nawo anafuna chilolezo cha khonsolo choikira nyumba pamundapo, chinthu chimene Chilungamo sanachiganizireko n'komwe. Kwawo malo ako ndi ako, umangapo chimene ufuna. A khonsolo anati adikire, pali mzere. Nyumba ija inangokhala kufakitale, yokutidwa m'mapulasitiki ngati mkwatibwi wosowa womuperekeza.

"Akanselanso," ankatero Chilungamo akatsitsa foni, nkhope itagwa.

Kutchalitchi anayamba kumutcha achikumbe ndi kumufunsa ngati chimanga chamera. Munthu uja wokonda benchi ya kutsogolo anasamukira kumbuyo, n'kumatuluka pemphero lomaliza lisanathe. Koma kubweza notisi anakana, poti ankaona ngati kubweza umboni. Tsiku lina a Nazir anakwera ndi banja lina lachinyamata lofuna nyumba, mkaziyo n'kuyamba kuyeza mawindo kuti asoketse makatani. Alendowo atatuluka, mwana wawo Thandi anafunsa m'Chingerezi chake kuti iwo azikagona kuti. Bambo ake anayang'ana kudenga.

Woika mtengo anapezeka Novembala ali kumapeto, mvula itagwa sabata yathunthu. Anali mayi wosachulutsa mawu, ndipo anatsika m'galimoto atavala jombo zofika m'mawondo. Chilungamo anali mu nsapato za kutchalitchi. Atafika pachipata, munda panalibe. Soar anali atasefukira, madzi ali mbwee mpaka kumpanda wa uko. Zikhomo zimene iye anakhoma posonyeza ngodya za nyumba zinkangooneka mitu, ndipo pamene ankati pakhale chipinda cha Thandi pankasambira abakha.

Mayi uja anati malowo amamira pafupifupi chaka chilichonse, ndipo palibe angabwereketse ndalama kapena kupereka inshuwalansi pamenepo. Chilungamo anagwira chipata. Miyezi yonseyi ankatukwana anthu ochedwawa, koma akanafulumira monga iye ankafunira, lero mwana wake akanadzukira m'madzi, ngongole ili pakhosi. Chikole chinapita, ndipo chinamuwawa, koma anapumira m'mwamba ngati munthu amene njoka yamudutsa pamapazi.

Chinatsala ndi denga. Makiyi anayenera kubwezedwa Loweruka. Chilungamo anakalowa m'sitolo ya a Nazir masokosi ali chinyowere, chipewa chili m'manja, n'kufotokoza zonse popanda kukometsera.

A Nazir anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera. "Achimwene, anthu aja akudikira, ndipo amafuna kulipira zambiri kuposa inu. Koma sindinasaine nawo. Amayi anandiletsa. Akuti Constance akachoka, iwonso ndiwapezere kwina kokhala." Anaseka pang'ono. "Kwerani m'mwamba. Lendi ikwera, musadandaule. Koma ulendo wina muzifunsa akazi anu."

Chilungamo anakwera masitepe aja ngati akuwaona koyamba. Anapeza Constance atakhala pansi pachitenje, akupinda yunifolomu.

"Mayi a Thandi, musapakire. Tikhala."

"Sindinapakire ndi kale," anatero Constance. "Vulani nsapatozo, mukunyowetsa pansi. Ndipo Lamulungu mukaimirirenso, mukawauze abale za abakha anu."

Anakhala pansi pambali pa mkazi wake, pamalo pamene panali sofa, n'kusisita kapeti yakale ija ndi chikhato. Inali youma. Munthu amene anatsala pang'ono kutaya nyumba ya m'manja chifukwa cha nyumba ya pa lole anamvetsa tsiku limenelo zimene akuluakulu ankanena, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.