Nkhope ya Pa Morlai Kumbuyo kwa Siketi

Santigie ndinamuchenjeza tsiku lomwe mipukutu ya nsalu inatsitsidwa pakhomo pa shopu yake yosokera. Ine ndimagulitsa mafuta ofiira a kanjedza tsidya la msewu, ndipo iye ndi mdzukulu wanga, ndiye sindikanakhala chete.

"Iwe, bweza nsaluzi. Munthu amene sapirira kusekedwa usamuyandikire ndi sizasi."

"Agogo, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe," anatero uku akusisita nsaluyo. Pansalupo panali nkhope ya phungu wa dera lathu, amene mwaulemu timamutchula kuti Pa Morlai, yobwerezabwereza ngati mawanga a nkhanga.

Pa nkhani ya Pa Morlai tauni yathu inang'ambika pakati ngati mtedza wa kola. Ena ankati ndi bambo wa amphawi. Ena ankati ndi khanda lomwe silinayamwe mokwanira, linangokula thupi, njala yotamandidwa ili pomwepo. Ine sukulu sindinaiponde, koma maso ndili nawo. Anthu akamawomba m'manja, iye sayang'ana owombawo, amafunafuna amene wayamba kuleka. Omutsatira ambiri ndi anthu oti ananyozedwapo. Iye akamatukwana akuluakulu a ku likulu ku Freetown, iwo amamva ngati chithupsa chawo chaphulika. Santigie anali mmodzi wa iwo. Anamubwezapo pakhomo la ofesi chifukwa cha nsapato zong'ambika, ndipo sanaiwale.

Ntchito imene anapatsidwa inali yosokera amayi a chipani zovala zofanana za ku msonkhano. Chifukwa cha chikondi, sanalole kuti sizasi idutse pankhope ngakhale imodzi. Yaing'ono anaiika pachifuwa, yaikulu anaiyala kumbuyo kwa siketi, ati kuti oyenda m'mbuyo nawonso aziona.

Mkazi wake Yeabu atayesa yake anagwira m'chiuno. "Bambo a Isatu, ndiye tikatopa tizikhalira bwana wanuyu?"

"Amatopa ndani pa msonkhano wa Pa Morlai? Mudzavina mpaka dzuwa kulowa."

Tsiku la msonkhano Santigie anamukhazika pa mpando wakutsogolo, dzina lake n'kutchulidwa pa chimkuzamawu. Anandikodola ndili kumpanda, mano onse pamtunda. "Agogo, mwaona?"

Ng'oma zitalira, amayi aja anatembenuka n'kuyamba kudukula. Nkhope ija inayamba kufufuma masaya, kutsinzina diso, kukwinya mphuno, pa mayi aliyense mwa mtundu wake. Wakabaza wina wa njinga yamoto anakuwa, "Taonani, bwana akutafuna!" Bwalo lonse linafa nako kuseka, ndi apolisi omwe.

Pa Morlai sanaseke. Anadikira kuti phokoso lizizire, kenako analankhula mofatsa ngati wopepesa maliro. "Ana anga, mdani watilowera m'nyumba. Amugula telala uja kuti akazi andikhalire."

Palibe anafunsa umboni. Amene anaseka kwambiri ndi amene anatsogola kuthamangira ku shopu ya Santigie, poopa kuti mano awo anaonedwa. Anathyola chitseko cha shopu, makina anawaphwanya ndi miyala n'kuwaponya m'ngalande, nsalu za eni ake n'kuzitentha pamsewu. Santigie anapulumukira m'nyumba mwa imamu wa pamzikiti, magazi ali chuchuchu kumutu, akukuwabe kuti, "Pa Morlai amunamiza! Ndisiyeni ndikamufotokozere!"

Sanamulole ngakhale kufika pageti la Pa Morlai. Lero amasoka zigamba ndi singano ya pamanja, pansi pa mtengo wa mango, kumudzi kwa apongozi ake. A chipani chake samulonjera. A chipani chinacho akamuona amangofunsa ngati bwana anamaliza kutafuna.

Paja akulu anati, mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.