Mwala Wapepo wa a Bwanali

Mu gemu ya pafoni imene ankasewera pamalo ometera a Bwanali, mphamvu za msilikali zinkachokera m'miyala yoika pachishango. Miyala itatu yofiira inkalimbitsa chishango, wabuluu unkapereka liwiro.

Tsiku lina Sungeni, mmodzi wa osewerawo, anatola mwala wake wofiira wachitatu. A Bwanali, amene analinso mkulu wa gulu lawo m'gemumo, anaimitsa makina ometera.

"Bweretsa kuno mwalawo, apo ayi ndikuchotsa m'gulu."

Sungeni anasuzumira pafoni yawo. Chishango chawo chinali ndi miyala iwiri yofiira ndi umodzi wapepo.

"Tengani, achimwene. Koma muuika pati, poti mabowo onse atatu ngodzaza? Kapepo aka kakukunyozetsani, munthu wamkulu ngati inu. Katayireni kwa ine."

Anasinthana. A Bwanali, pofuna kudzionetsa kwa anthu, anati asilikali awo amenyane pomwepo.

Sungeni anavomera mwaulemu, pakuti ankadziwa chimene iwo sanawerenge: mwala wapepo umawerengedwa pawiri, ngati wofiira komanso ngati wabuluu. Chishango chake chinalimbabe, liwiro n'kuwonjezekera. Msilikali wa a Bwanali anayamba kuyenda ngati bilimankhwe. Sungeni anamuzungulira, kumbuyo phaa, kumbali phaa, mpaka pansi khu!

Odikira kumetedwa anafa nacho chiseko.

"Ndibwezere mwala wanga!" anakuwa a Bwanali, thukuta lili kamukamu.

"Pepani achimwene, gemuyi ikuti wogwetsa mkulu ndiye mkulu. Mukafuna mwala, mundipemphe bwinobwino, ndiganizira."