Mkamwini Wodya Dzuwa

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu kwawo ndi m'mudzi mwa Kanyenda.

Kumeneko kunali mayi wina, Nangondo, mlimi wa tomato amene msana unamuthera pa ndowa. Madzi ankatunga pachitsime cha kudambo, pomwenso mudzi wonse unkamwa. Chaka china cha chilala kunabwera bambo wamalonda, a Chatsika, ndi pampu yoyendera dzuwa. Ataiyatsa, madzi anawaza dimba lonse ngati mvula. Anthu anavina zovala zili nyowe, ndipo mwamuna wa Nangondo, a Mwadzangati, amene ndowa ankaiona ngati mfiti, anavina kuposa onse.

Nangondo naye anakondwa zedi. Koma anali atakhalapo pa zinkhoswe zambiri, ndipo ankadziwa kuti mkamwini salowa m'mudzi osafunsidwa.

"Bambo, mkamwini mwatibweretserayu amadya chiyani?"

"Dzuwa basi, mayi," anaseka a Chatsika. "Kukachita mitambo amadya za m'batire ili."

"Nanga batirelo likadzafa, maliro ake ndi a yani? Paja kuno zakutha timataya kudambo, kufupi ndi chitsime."

A Chatsika anakanda m'mutu. Anavomera kuti m'kati mwa batirelo muli poizoni wotha kupha chitsime.

"Mayi, ife tikulira mvula, inu mukufunsa za maliro?" ananyinyirika a Mwadzangati.

"Amene walira mvula waliranso matope, bambo. Matopewo tiwakonzere podutsa lero."

Basi panachitika chinkhoswe cha pampu. A Chatsika anaimirira pamaso pa anthu monga nkhoswe yake, nalonjeza kuti likadzafa batire adzabwera okha kudzanyamula.

Tomato anachita bwino, zaka zinapita, ndipo batire linafadi. Nangondo analimanga m'thumba n'kutumiza uthenga kwa a Chatsika, mtima uli m'mwamba. Ena anali atayamba kale kuloza kudambo kuti akalitaye. Koma tsiku la msika kunamveka belu la njinga: a Chatsika, imvi zitayamba, anabwera ndi batire latsopano n'kumangirira lakufalo kumbuyo kuti akalisungunule kutauni. Amayi a m'mudzimo analiperekeza ndi nyimbo ya maliro, koma kuseka kunawagwetsa, nyimboyo n'kuthera m'nthungululu. Pobwerera anapatukira pachitsime, namwa madzi popanda mantha.

Ndiye chake timati, walira mvula walira matope. Chabwino chilichonse chimabwera ndi zake. Usachikane ayi, koma chisanalowe pakhomo funsa kumene chachokera, chimene chizidya, ndi amene adzachinyamule chikadzatha.