Phukusi la Tiyanjane la mumtambo

Ana inu mumayesa mwambi uliwonse unabadwa nthawi ya nyanda? Ayi ndithu, uwu ine ndimati unabadwira pafoni. Tamverani!

Ku Mitundu kunali mayi wina dzina lake Tiyanjane, amene anakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana. Tsiku lina anapita kuchipatala akudandaula chizungulire. Namwino atamuunika anati, "Mayi, muli ndi pakati!"

Eee, chimwemwe chake! Anachita kugwira pakamwa kuti nthungululu isatuluke. Mwamuna wake Malizani anali atangopita ku Joni, ndipo Tiyanjane ankafunitsitsa kuti adzamuuze yekha maso ndi maso, asamvere kwa anthu a pachitsime. Pajanso pakati salengeza akuluakulu asanapereke mwambo wake.

"Chithunzi cha mwanayu achione dokotala wa ku Lilongwe," anatero namwino. "Tichiika mumtambo, kutanthauza makompyuta akutali osungiramo zinthu, koma tiyamba tachikhoma. Wopanda kiyi azingoona zilembo zosokonekera. Kiyi wina ali ndi dokotala, wanu ndi mawu amene musankhe nokha."

Tiyanjane anasankha mawu ake nawasunga mumtima.

Tsono pakhomopo panali mlamu wake Esinati, munthu wabwino, koma pakamwa ngati dengu lobooka. Tiyanjane atalowa kubafa, Esinati anaona uthenga wa kuchipatala pafoni ya mlamu wakeyo. Anaitsomphola, liwiro kwa anzake!

"Bwerani mudzaone chimene akutibisira!"

Amayi anaunjikana, makosi tolotolo. Esinati anadina. Zotuluka zake zilembo zokhazokha zopanda mutu, ngati papalasa nkhuku. Anadinanso, zomwezo, foni n'kumangofunsa mawu achinsinsi. Anatembenuza foni chadodolido, anzake n'kufa nazo nseko.

Anabwerera manyazi ali tho. "Alamu, inu simuchedwa kuiwala. Tandiuzani mawuwo ndikusungireni."

"Zikomo alamu," anayankha Tiyanjane akuseka, "koma ili ndi phukusi la moyo wanga. Ndisunga ndekha."

Patapita masiku, Malizani anafika kuchokera ku Joni osadziwa kanthu. Mkazi wake anamukokera m'nyumba, n'kutsegula chithunzi chija. Malizani, munthu wamkulu, anaponya chikwama uko, misozi mbwee, n'kuyamba kuvina nsapato zili kuphazi!

Ndiye chifukwa chake timati, "Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako." Za thupi lako ndi zako. Ukhoza kuzitumiza kutali kwa amene akuchiritse, koma uzimange kaye, ndipo kiyi wake usasungitse ngakhale kwa mlamu wokukonda.