Njati ya Witold

M'fakitale yakale ya nsalu ya mumzinda wa Łódź, momwe kale munkagunda makina oluka, masiku ano mwadzaza tizipinda ta lendi ta achinyamata ogwira ntchito pa makompyuta. Chipinda chakumapeto, choyandikana ndi chimbudzi, ankachita lendi Witold ndi mlongo wake wamkulu, Bogna. Awiriwa ankapanga gemu ya pakompyuta. Bogna ankajambula, Witold ankalemba malamulo oyendetsa zojambulazo. Gemuyo inali ya mayi woyendetsa tramu, kasitima koyenda m'misewu, mumzinda womizidwa ndi chifunga, akutola anthu osochera pa siteji iliyonse.

Kompyuta yawo yaikulu itayamba kuzima yokha ngati nyali yotha mafuta, anafunika kugula ina. Thumba linkalola imodzi yokha, ndipo mkangano unayambira pomwepo.

"Tigule laputopu," anatero Bogna. "Yamphamvu ndithu, koma yoti n'kunyamula. Anzathu amakumana mwezi ndi mwezi kumalo omwera aja a mumsewu wa Piotrkowska, aliyense gemu yake ili m'chikwama, n'kumaseweretsana. Ife timangopitako ndi pakamwa."

"Laputopu? Kuti izindiwotcha ntchafu?" anayankha Witold. "Chifunga changa chimafuna mapapo, iwe. Kanthu kopyapyala ngati buku la nyimbo kangapume bwanji? Kakatentha kamafooka, kakafooka ine ndizingokhala manja m'thumba kudikira. Kompyuta ya patebulo umaitsegula, chatha umasintha, chachepa umawonjezera. Laputopu ikakalamba ndi thireyi ya tiyi basi."

Zimene ananenazo zinali zoona. Vuto la anthu amakani n'lakuti kawirikawiri amayambira pa zoona, n'kukhala pomwepo mpaka kumera mizu. Bogna anagonja, koma anaika mawu ake patebulo.

"Chabwino, Witek," anatero pomutchula dzina lake lakunyumba, "gula chilombo chakocho. Koma undimvetse. Kampani yotsatsa malonda ya ku Warsaw ija ikundifunabe. Ndawauza kuti adikire mpaka chionetsero cha magemu cha ku Poznań chidutse. Tikakapeza kumeneko kampani yoti itenge gemuyi n'kuigulitsa, nditsala. Tikalephera, ine ndapita. Sindingakalambire m'chipinda chonunkha chimbudzi."

Makinawo anafika: chibokosi chakuda chofika m'mawondo, mbali imodzi yagalasi, mkati mafani oziziritsa akuzungulira mwakachetechete. Anachikweza pamasitepe anthu awiri akubuula. Bogna anachitcha Njati, ndipo dzinalo linakhala. M'nyengo yozizira chinkafunditsa chipinda chonse, moti ena a m'tizipinda toyandikana ankabwera kudzamwera tiyi momwemo.

Pa Njati chilichonse chinkatheka. Witold akafuna chifunga chokhuthala, chinkabwera. Anafuna kuti nyali za tramu zizibowola chifungacho ngati mikondo, zinatero. Anawonjezera mvula, dontho lililonse pagalasi la tramu lili ndi kuwala kwakekwake. Anawonjezera nthunzi yotuluka m'kamwa mwa okwera. Njati sinkadandaula, ndipo mwini ng'ombe yamphamvu sadziwa kulemera kwa ngolo yake.

Bogna anali ndi kalaputopu kake kakale kojambulira. Tsiku lina anaikamo gemuyo kuti akaonetse mayi awo Lamulungu. Kanaonetsa chithunzi choyamba, kenako kanauma gwa.

"Witek, tabwera udzaone."

Witold anasuzumira n'kuseka. "Kameneko kanafa kalekale, sikanauzidwe chabe. Ndani amasewera gemu pa chinthu chotero?"

"Anthu."

"Ndidzaipeputsa kumapeto. Aliyense amapeputsa kumapeto. Choyamba ikongole kaye."

Anzawo a kumalo omwera aja nawo anapempha kangapo kuti awatumizire ayesere pa makina awo. Witold ankakana. Ankati buledi satulutsidwa mu uvuni asanapse, ndiponso Njati singanyamulidwe kupita nayo kumowa. Wofuna kuona gemuyo ankayenera kukwera masitepe a fakitale, kukhala pampando wa Witold, n'kusewera pa makina a Witold. Onse amene anatero ankatuluka akugwedeza mutu ndi kusirira. Kumapeto kuja sikunafike, chifukwa sabata iliyonse pankapezeka china chofunika kukongoletsa.

Nthawi ya chionetsero itakwana anabwereka galimoto ya amalume awo n'kupita nayo Njati ku Poznań. Anapatsidwa katebulo pakona pa holo, pakati pa anthu ena ambirimbiri oonetsa magemu awo. Pasanapite nthawi panali mzere. Anthu ankavala zomvera m'makutu, n'kulowa m'chifungamo, n'kuiwala kuti kumbuyo kwawo ena akudikira. Witold anaima pambali, manja atapinda pachifuwa, nkhope ikuwala ngati ya mkwati.

Masana kunabwera munthu amene ankamuyembekezera: Mayi Drozd, osankha magemu a kampani ina yogulitsa. Anali mayi wa imvi, wa nsapato zosalala ndi chikwama chakutha m'makona. Anakhala pansi, anasewera mpaka gawo lachionetserolo linatha, kenako anavula zomvera zija.

"Nkhope za okwerawa wajambula ndani?"

"Ndine," anatero Bogna.

"Zili ndi moyo. Nkhalamba ya ambulera ija ndinaimvera chisoni." Anatembenukira kwa Witold. "Chifunganso ndi chabwino, bambo. Sindinaone chotere chaka chino."

Atatero anatsegula chikwama n'kutulutsa laputopu wamba, yokalikakalika pachivindikiro, yonga imene mungaipeze mu ofesi iliyonse.

"Tsopano tayiikani apa."

Witold analoza Njati. "Mayi, gemuyi imaoneka bwino pa makina awa. Mukafuna nditha kukuonetsaninso gawo lina…"

"Ndikudziwa, Bambo Witold. Aliyense muholo muno wabwera ndi chilombo chake. Koma ogula athu ambiri ali ndi zonga iyi: yakusukulu, yakuntchito, yosiyiridwa ndi mkulu wawo. Gemu iliyonse, tisanaitenge, imadutsa pa iyiyi. Ndi mmene timachitira."

Panalibe pothawira. Witold anaikamo gemuyo. Inatenga nthawi kutseguka, ndipo itatseguka fani ya laputopuyo inayamba kulira ngati ketulo yoiwalika pamoto. Tramu inanyamuka modukizadukiza, kuyenda kwa bilimankhwe: kusuntha pang'ono, kuima, kuganiza, kusunthanso. Mayi Drozd anadina batani loimitsira pa siteji. Tramuyo inamva mochedwa, inapitirira, n'kusiya nkhalamba ya ambulera ija itaima m'chifunga. Anthu a pamzere anayamba kuyang'ana kumbali, ena n'kusunthira pamatebulo ena.

"Potsitsira chifunga ndi pati?" anafunsa mayiwo, maso ali pa sikirini. "Kuti makina ofooka apumeko."

"Palibe," anatero Witold.

"Munaiwala kuikapo?"

"Ayi. Sichingatsike. Njira zonse, anthu obisikawo, zonse zimaoneka malinga ndi mmene nyali ikubowolera chifunga. Mukachichotsa palibe chosewera."

"Yaseweredwapo pa makina angati chiyambireni?"

Witold anayang'ana Njati ngati kuti imuyankhira. Anayankha ndi Bogna.

"Amodzi, mayi. Omwewa."

"Nanga kuti muipeputse pangatenge nthawi yaitali bwanji?"

Apa munthu wina akananama. Witold sananame, ndipo zimenezo tisamulande.

"Ndiyenera kugumula mpaka pamaziko. Chaka, mwina kuposerapo."

Mayi Drozd anatseka laputopu yawo, yomwe inali itatentha ngati chiwaya, n'kuibweza m'chikwama. Sanakalipe, sanaseke.

"Pepani. Sitingagulitse nyumba yomwe munthu mmodzi yekha ndiye ali ndi kiyi. Ikadzayenda pa makina a anthu, mudzatipeze." Anagwira chanza onse awiri n'kupita patebulo lotsatira, pomwe atsikana awiri ankaonetsa kagemu ka mbuzi zodumpha mipanda, pa laputopu yomwe anabwera nayo pa sitima.

Chionetsero chitatha, Bogna sanakweze mawu. Anathandiza mlongo wake kuzula mawaya ndi kuwakulunga bwinobwino. Ananyamulizana Njati mpaka koimika magalimoto, anaifunditsa bulangete, anaikhazika pampando n'kuimanga lamba kuti isagwe m'njira. Kenako anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa chikwama chake.

"Ukupita kuti?" anafunsa Witold.

"Kusiteshoni. Pali sitima ya ku Warsaw. Ndikagona kwa Jagoda, mnzanga uja, mawa ndikaonane ndi a kampani ija. Amayi uwauze kuti ndiwaimbira."

"Bogna, iwe, wamva wekha zomwe anena. Gemuyi ndi yabwino! Ndipatse chaka chimodzi chokha."

"Ndinakupatsa kale, Witek. Unachidyetsa Njati."

Anamupsompsona patsaya, anamukonzera kolala ya jekete, n'kunyamuka. Witold anayendetsa galimoto kubwerera ku Łódź, ndipo njira yonse analibe woyankhula naye.

Gemuyo ilipobe. Imakongolabe chimodzimodzi, m'chipinda chakumapeto chija, kwa aliyense wolola kukwera masitepe. Kungoti nkhope zatsopano za okwera palibenso wozijambula, choncho tramuyo imatola anthu omwe aja tsiku ndi tsiku. Bogna amajambula mabotolo a mafuta odzola, ndipo akuti amawajambula bwino.

Ena pafakitalepo amati Witold analakwa kugula makina a patebulo. Si zoona. Njati inagwira ntchito yomwe anaigulira, ndipo inaigwira mokhulupirika. Laputopu nayo sikanamuthira nzeru m'mutu. Ikanangomutopetsa msanga, n'kumukakamiza kupeputsa ngolo isanadzaze, n'kumutulutsa panja kuti gemu yake ilawe manja a ena ndi makina a ena. Iye anailerera pamalo amodzi, pomwe madzi anali ofunda ndi odekha, ndipo tsiku loyamba kuiponya m'madzi a eni ake inamira anthu akuona. Amene anapenyetsetsa za m'mitsinje anaziona kale zimenezi: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.