Kapusi ya Kochi

M'chipinda chometera cha a Lumo munthu ankalowa ndi tsitsi n'kutuluka ndi mpira m'makutu. Mkuluyu anali sapota wa timu ya m'dera lawo, yomwe goloboyi wake anali mwana wawo woyamba, ndipo mlandu wawo ndi kochi sunkatha.

"Kochiyu ubwino ali nawo, sindikana," ankatero makina akulira pamutu pa kasitomala. "Kumbuyo amatseka, ndipo mwana wangayu anamutola ndi iyeyo. Koma kochi wanji wosakuwa? Anzake amalusa pamzere, iye ntchito kuvula kapusi, kuvala kapusi, ngati ali pamaliro. Mpira wa ziro-ziro tatopa nawo!"

Tsiku lina mwana uja atawapeza akubwereza zomwezi, anati, "Bambo, akochi aja asiyeni. Kapusi ija ili ndi ntchito."

"Ntchito yake kubisa dazi," anayankha a Lumo, chipinda chonse n'kufa ndi phwete. Mwanayo anangotuluka.

Nthabwalayo inawakomera. Anaimba nayo foni kuwailesi, kenaka anaisandutsa nyimbo, masapota n'kuilandira ndi manja awiri. Akuluakulu a timu, omwe ankaopa phokoso kuposa zigoli, anamuchotsa kochiyo. Tsiku limenelo a Lumo ankameta akuimba mluzu.

Wolowa m'malo anali wa mawu ngati bingu. Ankakuwa kuti, "Tuluka! Bwerera!" koma goloboyi ankangoima ngati wouzidwayo ndi wina. Zigoli zinayamba kulowa ngati madzi m'dengu. Kochi watsopanoyo anati mnyamatayo ndi wamwano, anamukhazika pabenchi, mapeto ake anamulanda magolovesi. Chaka chisanathe timu inatuluka mu ligi, ndipo m'chipinda chometera chija nkhani ya mpira inayamba kulemera pakamwa.

M'mawa wina, kusanabwere anthu, mwana uja anakhala pampando kuti ametedwe. A Lumo, mtima utadzaza chisoni, anaima kumanzere kwake nati, "Usadandaule mwana wanga, timu ina ikutenga."

Zii. Anabwerezanso. Mwanayo anaona milomo yawo pagalasi.

"Bwerani mbali iyi, bambo. Khutu ilo linafa tsiku lija anandigunda chigongono pampira, ndipo linzakeli m'phokoso silithandiza. Ankadziwa ndi akochi akale aja okha. Akavula kapusi, ndiye kuti ndituluke. Akavala, ndikhale pagolo."

"Nanga ine bambo wako osandiuza bwanji?"

"Mukanakaulutsa kuwailesi."

Makina anapitiriza kulira m'dzanja la a Lumo osakhudza tsitsi. Anafuna kupepesa, koma wina woyenera kumupepesa anali atasamuka kalekale ndi kapusi yake, ndipo winayo anali ataweramitsa mutu kudikira kumetedwa. Paja akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.